Ukanene Kuti Ndinakutaya

Mutu 6

1. Fomu ikufuna kholo

Odile Falgout anali mtsikana wofatsa, koma akakwiya ankayenda ngati akuthamangira moto. Lolemba limenelo anatsika basi ya sukulu, osalowa n'komwe m'nyumba, n'kulunjika kudoko kumene bambo ake, a Alcide, ankamangirira boti lawo.

Chomwe chinamupsetsa mtima chinali fomu. Koleji ya kutauni inali itamulandira kuti akaphunzire za madzi ndi nthaka, poti nyanja inali kudya dambo lakwawo ku Louisiana, m'dziko la America, chaka ndi chaka, ndipo iye ankafuna kudziwa mmene angaliteteze. Koma fizi inali yosagwirika. Thandizo la boma linalipo, kungoti silituluka popanda fomu, ndipo fomuyo inkafuna chilolezo cha kholo ndi mbiri ya msonkho wa kholo.

Kusukulu Odile anali atayesa kutsutsa. Anauza aphunzitsi kuti iye amakhala kwa azakhali ake chiyambire ali wamng'ono, amagwira ganyu kusitolo Loweruka, ndipo sopo amagula yekha.

"Zonsezo ndi zabwino," anatero aphunzitsi, "koma kwa boma udakali mwana wa bambo ako mpaka udzakwanitse zaka makumi awiri ndi zinayi, kapena ukwatiwe. Za kumene umagona sakufunsa."

Apa ndiye panagona vuto. Mudzi wonse unkadziwa kuti a Alcide ndi msonkho anasiyana kalekale. Mapepala onse ankasunga ndi akazi awo, a Marceline, amene anamwalira Odile atangoyamba sukulu. Chaka choyamba a Alcide sanalembe za msonkho, anati chisoni. Chachiwiri anati namondwe wagwetsa nyumba. Chachitatu anati akapita tsopano akawafunsa za zaka ziwiri zija. Kuyambira pamenepo nkhanu zawo ankagulitsa ndalama pamanja, ndipo envulopu iliyonse ya boma ankaiwona ngati njoka.

2. Pa boti

Odile anawapeza akusankha nkhanu, zazikulu m'dengu ili, zazing'ono kubwerera m'madzi.

"Kayendedwe kameneka ndikukadziwa," anatero a Alcide osadzutsa mutu. "Amayi ako akamabwera chonchi ndinkabisala kuseri kwa injini. Ndalakwanso chiyani?"

"Ababa, akufuna msonkho wanu."

"Moni kaye, iwe mwana. Kapena kukolejiko adzakuphunzitsanso moni?"

"Mwaswera bwanji, ababa. Akufuna msonkho wanu."

A Alcide anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Anavula magolovesi, anapukuta manja pa thalauza, n'kuloza chidebe chovundikira kuti Odile akhalepo.

"Usaganize kuti ndangokhala," anatero. "Ndafunsafunsa kwa anthu ogula nkhanu, ena ana awo anadutsa momwemo. Akuti pa fomupo pali kabokosi ka ana amene makolo awo anawataya. Ukachonga pamenepo, a koleji amakuitana, amakufunsa mafunso, basi. Dzina langa silikhudzidwa, ndipo iwe ndalama uzilandira ngati munthu wopanda kholo."

"Koma inu simunanditaye."

"Ndiye ukanene kuti ndinakutaya."

Odile anawayang'ana kuti aone ngati akucheza. Sankacheza.

"Ukawauze kuti ndine chidakwa," anapitiriza a Alcide. "Ndinakutula pakhomo pa azakhali ako ngati thumba la mpunga, n'kusowa. Foni sindiimba. Tsiku limene unabadwa sindilidziwa."

"Mumalidziwa. Mumandidzutsa ndi nyimbo yanu yoipa ija m'mamawa."

"Undipatse sabata imodzi, ndiliiwala. Nanga nyimboyo yaipa liti?"

Odile anafuna kuseka, koma bambo ake anapitiriza.

"Tamvera, mwana wanga," mawu awo anatsika. "Ndikalowa m'maofesi amenewo, adzafukula zaka zonse zija. Boti ili adzalitenga. Mwina nanenso adzanditenga. Ndiye iwe udzapindulanji? Izi ndi za papepala chabe. Lamulungu ndizibwerabe ndi nkhanu zanga monga mwa nthawi zonse."

"Amafunanso kalata ya mboni."

"Azakhali ako alipo. Munthu wolemba mayina a kwaya yonse angalephere kakalata kamodzi?"

3. Mawu a azakhali

A Noelie, mlongo wamkulu wa a Alcide, anali kusita nsalu za paguwa za kutchalitchi. Monga mwa mwambo wakumeneko wa Lolemba lililonse, nyemba zofiira zinali zikubwadamuka pamoto kudikira mpunga. Anamvetsera nkhani yonse osadukiza. Odile atamaliza, anaimika simbi n'kuizimitsa.

"Khala pansi," anatero. "Alcide walankhula zake, tsopano umve zanga.

"Choyamba, limenelo ndi bodza kwa boma, ndipo papepala pakasainidwa dzina lako, osati lake. Zikadzaululika, ndalama adzakulanda iweyo, ndipo pasukulu adzakuchotsa iweyo. Koma zimenezo ndi zazing'ono, sindikuopsezera apolisi ine.

"Kabokosi kameneko anakaikira ana amene anatayidwadi. Iwe umawadziwa. Umawaona pa Misa atakhala okhaokha kumbuyo, wina amagona m'galimoto, wina anathawa chibakera cha bambo ake. Khomo limenelo analitsegulira iwo, ndipo amalowapo akulira. Iwe ukufuna kulowapo utakhuta nkhanu za bambo ako?

"Ndikuuze za munthu amene ukufuna kumutcha wotaya mwanayu. Namondwe atagwetsa nyumba yanu, anakubweretsa kuno chifukwa basi ya sukulu imaima pakhomo panga, kudoko sifika. Tsiku limenelo anakhala pamasitepe apo mpaka dzuwa kupendeka, akulephera kunyamuka. Tsiku limene unalandira Ukaristia woyamba msewu wonse unali utamira. Anabwera pa boti, suti ataikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuvalira kuseri kwa tchalitchi. Magalasi ako oyamba anagula atagulitsa mfuti ya malemu agogo ako. Mlongo wangayu ndi wamantha, ndi wouma mutu, ndipo pa mapepala ndi chitsiru chenicheni. Koma Lamulungu limodzi lokha limene anajomba pakhomo pano, unditchulire.

"Iye akuganiza kuti akukupatsa mphatso. Ayi ndithu. Akubisala kumbuyo kwa mwana, chifukwa akuopa kukaima pamaso pa anthu a msonkho. Ndipo bodza limeneli silitha tsiku limodzi. Ukadzadwala kukolejiko, adzaimbira ndani? Tsiku lomaliza maphunziro, anzako akujambulitsa ndi makolo awo, iye adzaima kuti? Kunja kwa mpanda ngati wogulitsa zakumwa? Mawu ukawanena kawirikawiri, mwana wanga, amayamba kukhala m'nyumba mwako. Iye adzawamva kuchokera pakamwa pako, ndipo ngakhale anakutuma yekha, adzamupweteka."

Odile anadzuka, maso ali psuu.

"Ndiye mukufuna ndisapite kukoleji? Ndizikhala muno ndizisita nsalu?"

"Sindinatero," anayankha a Noelie modekha. "Ndati dzanja langa silingalembe kuti mlongo wanga anataya mwana. Lako ndi lako. Kaike mpunga pamoto."

Mpunga anauikadi. Koma poudikira anatulutsa foni, anatsegula fomu ija, ndipo anachonga kabokosi kaja. Anadziuza kuti za mboni aziona kutsogolo. Sabata isanathe, a koleji anamuitana kuti akaonane ndi Mayi Batiste a ku ofesi ya thandizo la fizi.

4. Kuyeserera

Basi ya kumudzi kwawo sinkafika kutauni, choncho a Alcide anamutenga pa kagalimoto kawo konyamulira nkhanu. Anavala dala zovala zogwirira ntchito, ati kuti wina akawaona aziyesa munthu wodzakonza mipope.

Panjira anaima pomwetsera mafuta n'kumugulira soseji wa mpunga wa tsabola wambiri, amene Odile ankamukonda chiyambire ali mwana.

"Idya. Mwana wotayidwa asamakomoke ndi njala pamaso pa anthu, angatichititse manyazi."

Atafika pakoleji, anadutsa malo onse oimikapo magalimoto n'kukaima kutali, pansi pa mtengo waukulu kuseri kwa bwalo la mpira.

"Tiyesere kaye," anatero. "Ine ndikhale mayi wa mu ofesiyo."

Anakhosomola, anakweza mphuno m'mwamba, n'kuyamba kulankhula ndi kamawu kakang'ono.

"Mtsikana iwe, bambo ako unawaona liti komaliza?"

"Kalekale," anatero Odile akuseka.

"Usaseke, uwononga. Amakuimbira foni?"

"Ayi."

"Amakutumizira kangachepe?"

"Ayi."

"Ukudziwa kumene amakhala?"

"Sindikudziwa."

"Amakukonda?"

Odile anasiya kutafuna.

"Funso limenelo safunsa, ababa."

"Atha kufunsa. Anthu ophunzira sachedwa kufunsa zachabechabe. Yankha."

Kamawu kaja kanali katatha, linali liwu lawo lenileni. Odile anayang'ana pansi, pa nsapato zawo za mphira zong'ambika chala.

"Ayi," anatero chapansipansi.

"Wakhoza," anatero a Alcide. Anatembenukira kuwindo ndipo anakhala nthawi akuyang'ana bwalo la mpira lopanda munthu. Kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. "Tsabola wa masiku ano ndi wamwano, amafika m'maso ngakhale akudya wina. Pita, ungachedwe. Undipeza pompano."

Odile anatsika. Sanacheuke.

5. Mu ofesi

Mayi Batiste anali mayi wachikulire wa tsitsi la imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anamulandira ndi manja awiri, anatseka chitseko, n'kumukankhira pafupi kabokosi ka mapepala opukutira misozi.

"Usachite mantha, mwanawe," anatero. "Pampando wakhalapowo pakhala ana ambiri a nkhani zolemera. Ena amalankhula tsiku lomwelo, ena amangolira n'kubweranso mawa. Palibe amene akukuthamangitsa. Ukufuna madzi?"

"Ayi, zikomo."

Kukoma mtima kumeneku Odile sanakukonzekere. Akanapeza munthu wolusa, bwenzi atanama mosavuta.

Mayi Batiste anayang'ana pakompyuta. "Ndaona kumene umachokera. Kutalitu kumeneko, ndipo basi yakwanu sifika kuno. Wayenda bwanji?"

Silinali funso la msampha. Ankangocheza kuti mwanayo amasuke, cholembera chili chigonere patebulo. Yankho linali lapafupi: azakhali, mnzanga, munthu wakutchalitchi. Mawu akuti azakhali anafika mpaka pa lilime.

Mayi Batiste anadzutsa mutu.

"Andiperekeza bambo anga," anatero Odile.

"Bambo ako?"

"Ali panja m'galimoto, kuseri kwa bwalo la mpira. Sananditaye, mayi. Sanajombepo Lamulungu ngakhale limodzi. Ndinachonga kabokosi kaja chifukwa sanalembe za msonkho chimwalirire amayi anga, ndipo akuopa. Pepani, ndakutayitsani nthawi."

Apa misozi inatsika, ndipo mapepala aja anagwira ntchito yake ndithu.

Mayi Batiste anadikira kuti atonthole.

"Sunanditayitse nthawi," anatero. "Ndikuuze zoona zokhazokha, poti nawe wandiuza zoona. Fomu ikonzedwa, kabokosi kaja tikachotsa. Koma thandizo silituluka mpaka bambo ako atapereka chilolezo ndi kulongosola za msonkho wawo. Zimenezo iwe sungawachitire, ine sindingawachitire. Ndipo malo ako pano ayenera kutsimikizidwa mwezi uno usanathe. Akapanda kutero, tidzapatsa wina."

"Kodi awamanga?"

"Zimenezo sindingalonjeze, si ofesi yanga. Chimene ndaona pa zaka zanga muno n'chakuti munthu wobwera yekha amamumvetsera kusiyana ndi amene achita kumusaka. Aliponso anthu odzipereka amene amathandiza kulemba za msonkho kwaulere. Koma choyamba ndiwaone. Angalowe?"

"Sindikudziwa," anatero Odile. Zinali zoona, sankadziwa.

6. Pansi pa mtengo

A Alcide anamuona akubwera ndipo analiza injini.

"Mwachangu chonchi? Wakhoza eti? Kwera tizipita."

Odile sanakwere. Anaima pawindo lawo, manja atagwira chitseko.

"Ndawauza kuti muli panja pano."

"Wati chiyani?"

"Anandifunsa kuti ndayenda bwanji. Ndawauza kuti mwandiperekeza ndi inu."

"Iwe Odile! Sukanati azakhali? Sukanati wakwera ng'ona? Kanthu kakang'ono ngati kameneko!" Anamenya chiwongolero ndi chikhatho. "Ukudziwa chimene wachita? Wataya sukulu yako, wandiperekanso ine. Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha."

"Ndinachiyesa, ababa. M'galimoto muno ndinachinena kamodzi, ndipo ndinaona nkhope yanu. Sindichinenanso. Ngati koleji ikufuna kuti ndikhale wopanda bambo, ikhale. Ndidikira mpaka zaka zimenezo zikwane, ndizikuthandizani kukoka misampha ya nkhanu."

"Iwe kukoka misampha? Munthu wosanza boti likadali padoko?"

"Ndizolowera."

Injini inapitiriza kulira. A Alcide anayang'ana msewu wotulukira, umene unali pululu, wopanda chowaletsa. Anayang'ananso mwana wawo. Odile sanawachonderere, anangoima pomwepo osachotsa manja pachitseko.

Kenaka anazimitsa injini.

Anavula chipewa, anatembenuza kagalasi koonera kumbuyo, n'kuyamba kusalaza tsitsi ndi malovu. Manja awo, amene ankagwira nkhanu zolusa osaphethira, anali kunjenjemera.

"Ukanandiuza bwenzi nditavala malaya abwino," anadandaula. "Ndikununkha nyambo?"

"Pang'ono."

"Kunama walephera mu ofesi, ukulepheranso pano?" Anatsika, anakhoma chitseko, n'kumupatsa makiyi. "Tenga. Ndikapanda kutuluka, galu ukamupatse chakudya. Ndipo azakhali ako usakawauze kuti ndimanjenjemera, angandiseke mpaka kumanda."

Anayenda limodzi kudutsa bwalo lonse la mpira. Pamasitepe a ofesi a Alcide anaima kawiri, ati bondo. Odile anawagwira mkono, ndipo iwo sanaukane.

Mayi Batiste anaimirira atawaona pakhomo.

"Mayi," anatero Odile, "awa ndi bambo anga."

"Eya, ndine," anatero a Alcide, chipewa atachifinya m'manja. "Lembani kaye zimenezo, mayi, muzilembe pooneka. Zinazo muzindifunsa pang'onopang'ono."

Mayi Batiste analemba, ndipo anatembenuza kompyuta kuti a Alcide aone dzina lawo pamwamba pa dzina la mwana wawo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Tsopano, bambo Falgout," anatero mayiwo, "za msonkho munalemba liti komaliza?"

A Alcide anayamba kuwerenga zaka ndi zala. Zala za dzanja lamanja zinatha. Anapita kumanzere, nazonso zinatha, ndipo iwo anali asanamalize. Mayi Batiste anasiya kumwetulira. Anayang'ana kalendala ya pakhoma, pamene masiku a mweziwo anali atatsala ochepa, kenaka anatambasula dzanja n'kunyamula foni kuti aimbire anthu othandiza za msonkho aja.